Galasi la 4x32 pa mfuti yolowa chipolopolo chimodzi

Mfuti yolowa chipolopolo chimodzi sipereka mwayi wachiwiri, chifukwa pamene mlenje akuitsegula kuti aikemo china, nkhanga imakhala itauluka kale. N'chifukwa chake galasi loyang'anira loika pa mfuti yotere liyenera kuyesedwa pa mfundo imodzi: ngati chipolopolo choyamba, chotuluka mu mpope wozizira, chikugwera pomwe paloza mtanda wa m'galasi, lero komanso mwezi wamawa. Galasi la 4x32 lomwe ndinagula m'sitolo ina ku Lilongwe n'kuliika pa mfuti yanga ya .22 LR, yomwe ndi ya tizipolopolo ting'onoting'ono, lakwanitsa zimenezi, ngakhale kuti zitsulo zomangirira zomwe linabwera nazo zinandikhumudwitsa kwambiri.

Nambala 4 ikusonyeza kuti galasili limakuza chinthu kanayi, pomwe 32 ndi kukula kwa diso lake lakutsogolo m'mamilimita. Kuwala komwe limapereka n'kotambalala mamilimita 8, ndipo phindu lake ndimaliona m'mbandakucha m'mphepete mwa dambo, nthawi yomwe kachitsulo koyang'anira ka kunsonga kwa mpope sikaoneka bwino koma mtanda wa m'galasi umaoneka. Silisinthidwa kakuzidwe kake, mosiyana ndi magalasi a 3-9x40 omwe amasinthidwa kuchokera pa kukuza katatu mpaka kasanu n'kanayi, ndipo ine ndimaona kuti umenewu ndi ubwino, poti m'kati mwake muli zinthu zochepa zomwe zingagwedere.

Vuto linali pa zomangirira. Kanjira kolowetsamo galasi pamwamba pa mfuti zambiri za .22 kamakhala ka mamilimita 11 kapena ka pafupifupi mamilimita 9.5, koma wogulitsa sanandifunse za kanjira ka pa mfuti yanga. Zitsulo za m'bokosimo zinali zofewa, mutu wa sikuluu imodzi unadyeka pomanga, ndipo nditayenda pa njinga yamoto mu msewu wafumbi wa ku Chamama, zipolopolo zinayamba kugwera kumanzere kwa chandamale kotalika ngati chikhatho. Nditaika zomangirira zolimba zogwirizana ndi kanjirako, n'kumanga masikuluu mosinthanasinthana pang'onopang'ono, galasi silinasunthenso.

Ndinalichuna pa mtunda wa mamita 50, mfuti nditaitsamiritsa pa thumba la mchenga, chandamale nditachiika patsogolo pa chulu chachikulu, pakuti chipolopolo cha .22 chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo kuno kwathu minda ndi midzi zili moyandikana. Kachitsekerero kochunira kamalira momveka bwino, ndipo kulira kulikonse kumasuntha chipolopolo pafupifupi mamilimita 3.6 pa mtunda umenewu. Mabowo a pa pepala anasonkhana malo oti ndalama yachitsulo ya K10 n'kuwaphimba onse. Chomwe chathandiza kwambiri n'chakuti galasili analikonzera mtunda wa mayadi 50 (pafupifupi mamita 46), osati mayadi 100 monga magalasi a mfuti zikuluzikulu, motero diso likasuntha pang'ono mtanda suchoka pa chandamale.

Komabe galasi limangoonetsa, silikonza chipolopolo. Zipolopolo za liwiro wamba, zothamanga pafupifupi mamita 330 pa sekondi, zinagwera pamodzi kuposa zothamanga kwambiri, zomwe zimatuluka mopitirira liwiro la phokoso kenako n'kutsika pansi pa liwirolo zili m'njira. Munthu akasintha mtundu wa zipolopolo ayenera kuchunanso galasi, komanso asamatsuke mpope polowetsa waya kunsonga, chifukwa kakamwa ka mpope kakakandika palibe galasi lomwe lingabwezere kulunjika kwake.

Nyengo ya mvula yadutsa popanda nkhungu kulowa m'kati, koma tizivundikiro take tapulasitiki n'tosalimba, ndipo ndi fumbi la mu Okutobala galasi limafuna kalinsalu kofewa tsiku lililonse.

Ndikulemba izi kwa alenje okhala ndi chiphaso cha mfuti chochokera ku polisi komanso chilolezo chosakira mbalame chochokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Kuno ku Kasungu nkhalango yotetezedwa ili pakhomo pathu, kusakamo n'koletsedwa, ndipo lamulo lomwe linakonzedwanso mu 2017 limafikitsa chilango ku zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu.

Kwa wosaka nkhanga ndi njiwa pa mtunda wosapitirira mamita 60, galasili n'lokwanira ndipo ndingaligulenso. Wofuna kuwombera pa mamita 100 lidzamuchepera, chifukwa pamenepo chipolopolo chimakhala chitatsika kale masentimita oposa 10, pomwe mtanda wake ulibe timizere tosonyeza kutsikako. Wopita kukagula ayeze kaye kanjira ka pa mfuti yake, ndipo apatule ndalama ina ya zomangirira zabwino asanalipire galasilo.