Timaekiselo tatsopano ta kasitima ka OO: kugwedera kwatha, koma geji mugule padera

Nyenyezi 4 mwa 5. M'kapaketi muli timaekiselo (timitanda tolumikiza wilo la kumanja ndi la kumanzere) tapulasitiki 3 ta injini ya kasitima kachidole ya mawilo 6: kamodzi kali ndi giya pakati, tiwiri n'tosalala. Tayesedwa kuno ku Luchenza pa injini yakale ya sikelo ya OO, yogulidwa kwa munthu, imene inkayenda chammbali ngati bakha n'kumagwa pamphambano iliyonse ya njanji. Tsopano ikuyenda mowongoka. Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa wogulitsa saika kapepala ka malangizo, komanso sanena kuti popanda geji yoyezera mpata wa mawilo ntchitoyi siitheka bwino.

Musanagule, tsimikizani kuti injini yanu ndi ya mtundu umenewu. OO ndi sikelo ya ku Britain ya 1:76 (kachidole kochepa ka 76 poyerekeza ndi sitima yeniyeni), yoyenda panjanji zotalikirana mamilimita 16.5, mofanana ndi HO ya 1:87. (Njanji yeniyeni yodutsa pa Luchenza pano ndi ya mamilimita 1,067.) Injini zina za kumapeto kwa m'ma 1970 ndi m'ma 1980 zili ndi chesisi chogawika pakati: zitsulo ziwiri zosakhudzana, china chimatenga magetsi kunjanji ya kumanja, china ya kumanzere. Choncho ekiselo singakhale yachitsulo kuchoka uku kufika uko. Wilo lililonse lili ndi kachitsulo kake kakafupi, ndipo tizitsulo tiwiriti timalowa m'kapaipi kapulasitiki kapakati. Kapaipi kameneka, komwe ndi kaekiselo ka m'paketimu, ndi komwe kamang'aluka pulasitiki ikakalamba, makamaka ngati inathiridwa oyilo wosayenera. Kakang'aluka, wilo limapendeka kenaka n'kuyamba kuzungulira palokha. Ngati injini yanu ili ndi ekiselo yachitsulo yonse, paketi iyi si yanu.

Si kugwedera konse kochokera kuekiselo. Gonekani injini chagada pa siponji, gusitsani batire ya 9V kumawilo a mbali zonse ziwiri, muyang'ane akuzungulira pang'onopang'ono. Wilo likamavina kumanja ndi kumanzere, lapendeka paekiselo. Likamakwera ndi kutsika, yambani mwapala litsiro lakuda limene limaumira poponda pake. Nthawi zina vuto lonse limakhala lomwelo, ndipo kathonje konyowetsa ndi sipiliti kamathana nalo. Injini ikamatsimphina kamodzi paulendo uliwonse wa wilo, ndiye kuti mawilo asemphana ndi timikono towalumikiza. Mng'alu umaoneka ngati kamzere kopyapyala kotsata kutalika kwa kapaipi. Tochi ya foni imauonetsa bwino. Pa injini iyi timapaipi tiwiri tinali tong'aluka, ka giya ndi kakutsogolo, koma tonse titatu tinasinthidwa, chifukwa kachitatu kali ndi zaka zofanana ndi anzake.

Kumasula sikuvuta. Jambulani mbali zonse ziwiri ndi foni, masulani kachivundikiro kapansi, tulutsani mawilo onse 6 pamodzi ndi timikono take. Sikuludiraiva yaing'ono ya okonza mafoni ndi mawotchi ikwanira. Pokoka wilo musalipotokole ndi pulayazi, ingolisolola ndi zala mowongoka. Tsukani tizitsulo ndi sipiliti mpaka mafuta onse atachoka, apo ayi guluu sagwira.

Pamene pamafunika kufatsa ndi pobwezera. Mfundo yolumikizira kamkono pawilo la kumanja iyenera kusiyana ndi ya kumanzere ndi madigiri 90, ndipo kusiyanako kukhale kofanana pamaekiselo onse atatu. Injini zambiri za ku Britain, mbali ya kumanja ndi imene imatsogola. Kuti ndi 90 yeniyeni kapena 88 sikudetsa nkhawa kwenikweni. Chimene chimamangitsa timikono ndi ekiselo imodzi kusiyana ndi zinzake. Apa paketiyi ndiyoyamikika, chifukwa mabowo ake ndi a ngodya zinayi, ogwirizana ndi tizitsulo ta ngodya zinayi, kotero wilo limakhala m'malo anayi okha. Kulakwitsa kumathekabe: mukhoza kulowetsa ekiselo imodzi kumanzere kukutsogola. Sinthani imodzi imodzi, zinazo zikhale chitsanzo. Injini zina za mtundu womwewu zili ndi tizitsulo tobulungira, ndipo pa izo muyenera kupenya kudzera m'masipoko mpaka alingane, ntchito yotopetsa maso imene paketi iyi singakuthandizeni.

Timaekiselo tiwiri tinalowa bwino ndi zala. Kamodzi kanali kothina. Osakakamiza, poti kukankha mwamphamvu kumang'ambanso kapaipi katsopano pomwepo. Palani pang'ono m'katimo ndi kafayilo kopyapyala, muyese, mupalenso. Giya inali ndi tinyenyeswa pamano awiri, timene tinkaliritsa phokoso la tiki-tiki mpaka titasadzulidwa ndi lezala. Werengani mano a giya yakale ndi yatsopano musanamate chilichonse. Akasiyana ngakhale ndi dzino limodzi, bwezani katunduyo.

Tsopano geji. Mpata wa pakati pa misana ya mawilo awiri ukhale mamilimita 14.4 kapena 14.5. Ukachepa, mawilo amapana tinjanji totchinjiriza ta pamphambano, injini n'kudumpha kapena kuima. Ukachuluka, mlomo wa wilo (mkombero umene umaligwira kuti lisachoke panjanji) umagunda nsonga ya mphambano n'kukwera pamwamba. Rula yakusukulu siingaone kusiyana kwa 14.2 ndi 14.5. Geji yake ndi kachitsulo chabe kamkuwa, kotsika mtengo, ndipo n'kulakwitsa kusaiitanitsa limodzi ndi paketiyi, popeza ndalama yotumizira katundu kuchokera kunja ikhoza kuposa mtengo wa zinthu zenizenizo. Ikani geji pakati, panani mawilo muvayisi (chitsulo chopanira zinthu) mutaika timatabwa tofewa mbali zonse, mutembenuze, muyezenso malo atatu kuzungulira wilo. Geji ikalowa mothina malo ena n'kukhwepa malo ena, wilo likadali lopendeka. Kugubuduza pagalasi la pawindo kumatsimikizira: mawilo abwino amapita chete mowongoka.

Za guluu, supagulu amauma musanamalize kuyeza. Epokisi wosakaniza, wouma mochedwa, ndiye wabwino, kadontho kapansonga ya singano m'bowo lililonse. Wochuluka amatulukira kunja n'kumata pamene ekiselo imazungulira m'chesisi, pomwenso ndi podutsa magetsi. Onetsetsaninso kuti tizitsulo tiwiri sitikukhudzana m'kati mwa kapaipi; tikakhudzana ndi shoti, ndipo kontorola imazima mukangoika injini panjanji. Mita ya magetsi itsimikize zimenezi guluu asanaume. Siyani usiku wonse.

Chinthu china chimene paketiyi siikonza, koma chimasokoneza anthu: masipoko a mawilo ena ndi pulasitiki yomatidwa pachitsulo, ndipo imatupa n'kutukumukira kunja mpaka kumakola kamkono. Munthu amaganiza kuti ekiselo yatsopano ndi yoipa. Chotsani pulasitikiyo mosamala, palani m'mphepete ndi sandipepa wosalala, muimatenso mutaipsinja ndi chinthu chophwatalala.

Musanabwezere mota, kankhani chesisi ndi chala panjanji. Chikamanga penapake, vuto ndi madigiri aja, osati mota. Chikayenda momasuka, kadontho kamodzi ka oyilo wosawononga pulasitiki pamalo aliwonse ozungulira, basi. Mafuta ophikira amasanduka phula, ndipo oyilo wambiri amatchinga magetsi. Kenaka iyende mphindi 30 chakutsogolo ndi 30 chakumbuyo pa liwiro lapakati, osati pa 12V yonse.

Patha miyezi 4 ikuyenda mlungu uliwonse, mpata ukadali 14.5. Chimene chabwerera ndi kuchita mdima kwa mawilo nyengo ya chiperoni, pamene chinyontho cha kuno ku Thyolo ndi Mulanje chimalowa m'bokosi lililonse. Injini ikayamba kudodoma mu June kapena July, pukutani mawilo ndi njanji musanaganize zomasulanso, ndipo m'bokosi lake muikemo timapaketi toyamwa chinyontho tija timabwera m'makatoni a nsapato.