Katemera wa chitopa wa I-2: wabwino, koma dzuwa la ku Salima silimusiya

Pa akatemera a chitopa amene amapezeka m'dziko muno, woyenera nkhuku zachikuda zoyendayenda pakhomo ndi I-2. Amapangidwa ku Lilongwe, ku labotale yaikulu ya boma yoona za matenda a ziweto, ndipo mbewu yake idachokera ku yunivesite ya Queensland ku Australia. Ku Salima amafika kudzera kwa alangizi a ziweto ndi anthu otemera nkhuku m'midzi. Amabwera wamadzi kale, m'kabotolo kodonthezera, moti palibe kusungunula kapena kugwira jakisoni. Dontho limodzi m'diso limodzi, basi. Muyezo ndi womwewo kaya ndi mwanapiye wa tsiku limodzi, thadzi lofungatira kapena tambala wamkulu. Mazira ndi nyama zimadyedwa tsiku lomwelo popanda vuto, ndipo dontho limodzi silifika pa mtengo wa dzira.

Mukamuyerekeza ndi LaSota, katemera wina wa chitopa yemwe amagulitsidwa m'mashopu a mankhwala a ziweto, kusiyana kumaoneka msanga. LaSota ngwabwino kwa mlimi wa nkhuku za mazira kapena zanyama zotsekeredwa, koma amafuna kuzizira kuyambira kushopu mpaka kukhola, akasungunulidwa amatha mphamvu m'maola ochepa, ndipo madzi a pampopi okhala ndi kolorini amamupha. Botolo lake la nkhuku 1,000 kwa munthu wa nkhuku 15 ku Khombedza n'kutaya ndalama.

Vuto la I-2 lagona pa mbiri yake yomwe. Anthu adamva kuti "saopa kutentha" n'kumamuyendetsa m'thumba la malaya ngati cholembera. Zoona zake n'zakuti amapirira kutentha kwa kanthawi chabe. Muli kachilombo kamoyo m'kabotolomo, ndipo kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja, kumene kumapitirira madigiri 33, kumakafoola msanga. Malo ake ndi m'firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, osati m'chipinda choumitsira ayisi. Pochoka naye, mukulungeni m'kansalu ka thonje konyowa n'kumuika m'dengu loluka kuti mphepo izidutsa. Nsaluyo ikamauma imaziziritsa botolo, ndiye muziinyowetsanso panjira. Jumbo yapulasitiki yopachika pa handulo ya njinga kuchoka pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay imamuphika. Choipa kwambiri n'chakuti katemera wakufa samasintha maonekedwe. Choncho pogula funsani ngati magetsi adazima nthawi yaitali, onani tsiku lothera mphamvu, ndipo botolo likatsegulidwa lithe m'masiku awiri kapena atatu.

Kadonthezedwe nakonso kamalakwika kawirikawiri. Nkhuku zitsekeredwe madzulo, ntchito iyambe m'mamawa kwambiri pamthunzi. Wina agwire nkhuku, mutu aupendeketse diso liyang'ane kumwamba. Botolo liime chilili, kamwa yake pansi, chifukwa likapendekeka dontho silikhala la muyezo wake ndipo botolo silikwana chiwerengero cholembedwa. Nsonga isakhudze diso. Musaitaye nkhuku pomwepo: dikirani dontho lilowe, muone ikumeza, pakuti madziwo amatsikira kukhosi. Ikapukusa mutu dontho n'kugwa pansi, bwerezani.

Chitetezo chimakhwima pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo chimayamba kuchepa pakatha miyezi inayi. N'chifukwa chake katemerayu amaperekedwa katatu pachaka, mu Marichi, Julayi ndi Novembala. Wa Julayi ndiye wosati muphonye, popeza chitopa chimakonda kulusa m'chilimwe. Apa pali chofooka chenicheni: anapiye oswedwa pakati pa miyeziyi amadikira nthawi yaitali, ndipo chitetezo chochokera kwa make chimatha m'masabata ochepa. Mudzi wochenjera umasonkherana kugula botolo lina n'kutemera anapiye okha.

Mawu akuti "katemera wandiphera nkhuku" amamveka chaka chilichonse, ndipo nthawi zambiri gwero lake n'limodzi. Mwini nkhuku amayamba kufuna katemera ataona ina yavala jekete, mapiko ali zyolizyoli, ikutsekula zobiriwira, ina khosi litapotoka. Pamenepo kachilombo ka chitopa kalowa kale m'khola lonse masiku angapo apitawo. I-2 sachiritsa, monganso tsabola, phulusa ndi makapisozi a anthu sizichiritsa, chifukwa chitopa ndi vayirasi. Wotemera wodziwa ntchito amakana kulowa pakhomo pamene pali nkhuku zodwala, ndipo amachita bwino: manja ndi nsapato zake zikhoza kutengera matendawa khomo lotsatira. Sopo ndi madzi pakati pa khomo ndi khomo n'zofunika ngati botolo lomwe.

Dziwaninso kuti I-2 ndi wa chitopa chokha. Matenda a gumboro ogwira anapiye, komanso nthomba ya nkhuku yotupitsa lipombo ndi zikope, njoka zam'mimba ndi utitiri zimafuna njira zawozawo, ndiye nkhuku yotemera ikafa musafulumire kunena kuti katemera ngwabodza. Itanani mlangizi aione. Nkhanga nazo zitemeredwe. Abakha amatha kunyamula kachilomboka osaonetsa kudwala, choncho asamagone khola limodzi ndi nkhuku. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ndi achibale ikhale payokha masabata awiri, makamaka ngati yagulidwa motchipa modabwitsa mu Seputembala, chifukwa nthawi zambiri mwini wake amakhala akuthawitsa ziweto zake mliri utalowa kale. Yakufa ikwiriridwe m'dzenje lakuya kapena iwotchedwe pamodzi ndi nthenga zake, agalu asaikokere kwa aneba.