MGB yakale: kukonza injini yake kapena kuikamo ya Toyota?

Amene muli ndi galimoto ya MGB yogona pansi pa mtengo wa mango kuno ku Nchalo kaya ku Ngabu, nkhani yaikulu ndi injini basi, penti izabwera pambuyo.

Galimoto zimenezi ankapanga ku Abingdon, England, kuyambira 1962 mpaka 1980, injini yake ndi ya malita 1.8 ya makabureta awiri a mtundu wa SU. Kuikonza yomweyo ubwino wake ndiwakuti mulibe kompyuta, masipanala ndi makanika wodekha mumaimasula pakhonde pompo, komanso galimoto imakhala orijino mtengo wake siugwa. Koma masipeya eeh, maringi, magasiketi, ma bearing, ku Limbe simuwapeza, mpaka kuitanitsa ku UK kapena ku Joni ndiye ndi vuto la forex lilipoli mudikira mpaka kutopa, galimoto ili pa njerwa nkhuku zikuikiramo mazira.

Ya Toyota masipeya ali mbwee. Koma osangotola ya Corolla za masiku ano, zimenezo zimakoka ndi mateyala akutsogolo pomwe MGB imakankha ndi akumbuyo, ndiye funani injini ngati 3Y ya Hiace yakale ndi giyabokosi yake. Pamenepo pali kuwotcherera ma mounting (pomangirira injini), kudula propshaft (chitsulo chopititsa mphamvu ku mateyala akumbuyo), kenako ku Road Traffic kukasintha nambala ya injini mu bluebook.

Ine ndingakonze yake yomweyo pang'onopang'ono, kupatula ngati buloko inang'aluka kapena inamira m'madzi osefukira n'kuchita dzimbiri. Kulikonse mungapite yambani ndi radiator, kutentha kwa mu Okutobala kuphatikiza chitunda cha Thabwa injini imawira musanafike ku Blantyre.