Kabuku kakale ka mkangano wa Henry VIII ndi Papa: gulani, koma musakamatitse pulasitiki

Pa mulu wa mabuku a kaunjika pamsika wa Nchalo nthawi zina pamatulukira timabuku ta Chingelezi timene Akatolika ankasindikiza ku London kalekale. Kamene tili nako m'manja n'ka masamba 32, komanga ndi timawaya tiwiri pamsana, ndipo kakulongosola mkangano wa Mfumu Henry VIII ya England ndi Papa Clement VII. Mtengo wake sukuposa wa makope awiri a sukulu. Pamenepo n'koyenera kugula, koma wina akakutchajani ngati chuma chosowa, musiyireni: timabuku totere tinkasindikizidwa tambirimbiri.

Chaka sichilembedwa pachikuto, choncho zaka zake mumachita kuzifufuza. Kuseri kwa chikuto kumakhala mawu akuti Imprimatur, chilolezo cha bishopu, nthawi zambiri ali ndi deti. Mtengo wolembedwa ndi chilembo cha d, monga 2d, ukusonyeza kuti kanatuluka chisanafike chaka cha 1971 pamene Britain inasintha ndalama. Njira yabwino koposa ndi kuona mmene akutchulira Thomas More ndi Bishopu John Fisher, Akatolika amene Henry anawapha chifukwa chokana kuti iye ndiye mutu wa mpingo. Awiriwa anatchedwa Odala mu 1886 ndipo Papa Pius XI anawalengeza kukhala Oyera mu 1935. Kabuku aka kakuwatcha Blessed, osati Saint, ndiye kuti kanalembedwa pakati pa zaka ziwirizo.

Musanapereke ndalama, tsegulani pakati penipeni. Mapepala 8 opinda pakati ndi amene amapanga masamba 32, ndipo loyamba kuthothoka ndi lapakati, la masamba 15 mpaka 18, chifukwa dzimbiri la timawaya limadya pepala pomwepo. Likasowa limenelo mwagula nkhani yoduka. Timadontho tofiirira si vuto. Fungo la chinyezi ndi ufa woyera kapena wakuda ndiye nkhungu, ndipo imafalikira ku mabuku ena.

Nkhani yake munthu wa kuno ku chigwa cha Shire aimva msanga, chifukwa gwero lake ndi chokolo. Catherine wa ku Aragon anali mkazi wa Arthur, mkulu wake wa Henry, amene anamwalira mu 1502. Henry anamukwatira mu 1509 ndi chilolezo cha Papa Julius II. Ataona kuti mwana wamwamuna wolowa ufumu sakumupeza, anagwira pa Levitiko 20:21, pamene akuletsa kutenga mkazi wa mbale wako, nati ukwatiwo sunali ukwati, ndipo anapempha Papa Clement VII kuti authetse, koma Papayo sanavomere. A mbali ya Catherine ankayankha ndi Deuteronomo 25:5, pamene akulamula munthu kulowa m'nyumba ya mbale wake womwalira wopanda mwana. Gawo limeneli wolemba walilongosola bwino zedi, mopanda kuzungulira.

Ndondomeko ya malamulo nayonso ili yolondola. Mu 1533 nyumba ya malamulo inaletsa kukachita apilo ku Rome pa milandu ya mpingo, ndipo Thomas Cranmer, Arkibishopu wa Canterbury, anagamula kuti ukwati wa Catherine unali wosavomerezeka. Mu 1534 linabwera lamulo loti mfumu ndiye mutu wa mpingo ku England. Fisher anadulidwa mutu pa 22 Juni 1535, More pa 6 Julaye chaka chomwecho. Wophunzira mbiri kapena katekisiti angathe kudalira madeti amenewa.

Pofooka pake ndi pa zimene kakusiya dala. Kakumuonetsa Clement VII ngati munthu amene ankangoteteza ukwati basi, osatchula kuti mu Meyi 1527 asilikali a Charles V, mfumu ya Spain, anafunkha mzinda wa Rome, Papayo n'kubisala m'linga la Castel Sant'Angelo. Charles anali mwana wa mchemwali wake wa Catherine. Papa akanamasula bwanji ukwati wa mayi wamng'ono wa munthu amene wamugwira pakhosi? Popanda mfundo imeneyi simungamvetse chifukwa chimene mlandu unakokera zaka zonsezo. Sikakunenanso kuti More, ali nduna yaikulu ya mfumu kuyambira 1529 mpaka 1532, analimbana mwankhanza ndi otsatira Martin Luther, amene anayambitsa Chipulotesitanti, kapena kuti mu ulamuliro wa Mary I, mwana wa Catherine, Apulotesitanti pafupifupi 280 anatenthedwa. Kanalembedwa kuti kalimbikitse Akatolika a ku England, ndipo muwerenge mukudziwa zimenezo. M'chigwa chino ndi mmene Bishopu Charles Mackenzie wa Anglican anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Mpingo umene unamutuma unachokera mu mkangano womwewu, ndipo a mpingowo ali ndi mbali yawo imene simudzaipeza muno.

Chingelezi chake n'chakale, ziganizo zazitali. Wa Fomu 3 afunika dikishonale pambali.

Tsono kasungidwe, chifukwa timabuku tambiri timafera m'manja mwa ogula. Pepala lake n'lotsika, lili ndi asidi, n'chifukwa chake lachita bulauni ndipo limathyoka m'mphepete. Kutentha kwa Chikwawa ndi Nsanje, kumene kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kumafulumizitsa kuuma kumeneku. Ambiri amathamangira ku shopu yofotokopa kukamatitsa pulasitiki. Musayerekeze. Makinawo amasungunulira guluu m'pepala ndi moto, ndipo zikatero palibe wodzamatulanso. Selotepi nayo imasiya banga lachikasu losachoka. Ngakhale kufotokopa kumene, kukanikiza msana pagalasi kumang'amba popindapo. Jambulani tsamba lililonse ndi foni pamthunzi, muziwerenga pamenepo.

Timawaya ta dzimbiri tichotseni: tukulani nsonga zake ndi kampeni kobuntha kuchokera mkati, kenako sololani kunja. Sokani ndi ulusi wa thonje pa mabowo 3, awiri mwa amene asiyidwa ndi timawaya ndi limodzi pakati pa msana. Yambirani pa lapakati kuchokera mkati, lowani la pamwamba, dumphani mpaka la pansi, bwererani pa lapakati, mangani mfundo osakoka kwambiri.

Kakulungeni m'pepala loyera losalembedwa, kagonekeni chafulati m'bokosi, kutali ndi malata komanso osagunda khoma la dothi, kumene chiswe chimadzera. Mphemvu zimatsata zakudya, choncho osasunga kukhitchini. M'jumbo yomanga musaikemo nthawi ya dzinja, chinyezi chimatsekeredwa momwemo. Jumbo ndi ya tsiku losamuka lokha, madzi akayamba kukwera monga anachitira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Kakanyowa, musakayanike padzuwa: lowetsani mapepala ouma pakati pa masamba, muziwasintha akanyowa, pamalo podutsa mphepo, ndipo muyambe tsiku lomwelo chifukwa nkhungu imayamba pasanathe masiku awiri.