Sitolo ya mankhwala a ziweto yomwe imayamba yafunsa isanagulitse

Pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu pali sitolo ina ya mankhwala a ziweto komwe alimi ambiri a nkhuku a ku Chibavi ndi ku Luwinga amagulako, ndipo chimene ndikuiyamikirira n'chakuti ogulitsa ake sathamangira kulandira ndalama. Munthu akapempha oxytetracycline, mmodzi wa maantibayotiki (mankhwala opha mabakiteriya), ufa wachikasu uja wosungunulira m'madzi akumwa nkhuku, amayamba wafunsidwa msinkhu wa nkhukuzo, maonekedwe a zitosi, kuchuluka kwa zomwe zafa, komanso ngati zinalandira katemera. Ndinamvako mayi wina akudandaula kuti nkhuku zake zikupotoka makosi ndipo zitosi zake n'zobiriwira. Wogulitsa anayankha kuti, "Amayi, chimenechi chikuoneka ngati chitopa ndipo ufa uwu sungathandize, choncho aitaneni alangizi a ziweto akaone kholalo." Mayiyo anatuluka nkhope ili gwaa, koma yankholo linali loona, pakuti chitopa chimayamba ndi vairasi pomwe maantibayotiki amalimbana ndi mabakiteriya okha.

Kukana kotereku n'kofunika chifukwa mankhwala akamaperekedwa mwachisawawa, mabakiteriya omwe apulumuka amachulukana n'kusiya kumva mankhwalawo, ndipo sathera m'khola. Zitosi timazithira m'dimba ngati manyowa, mvula ya kuno yosachedwa kugwayi n'kuzikokololera m'ngalande mpaka mu mtsinje wa Lunyangwa. Kafukufuku wa DRUM, yemwe akatswiri a bungwe lofufuza za umoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome anachita m'makomo a ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa, anapeza mabakiteriya osamva mankhwala m'chimbudzi cha anthu, m'ndowe za ziweto komanso m'madzi a m'mitsinje ndi m'ngalande, ndipo anthu okhala nawo m'matumbo ankachuluka m'nyengo ya dzinja. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mabakiteriya a Klebsiella opezeka m'magazi a odwala, omwe samva maantibayotiki a gulu la ceftriaxone, anakwera kuchoka pa 12 mwa 100 aliwonse mu 2003 kufika pa 90 mu 2016. Munthu akadziwa zimenezi, mafunso a pakauntala aja saoneka ngati otayitsa nthawi.

Pasitoloyi, katemera wa chitopa ndi wa gumboro, matenda enanso a nkhuku, amasungidwa m'firiji, ndipo wogula wopanda kabokosi ka ayisi amauzidwa kuti akabwere nako. Mitengo ya sitoloyi si yotsika, koma si yoboola m'thumba poyerekeza ndi masitolo oyandikana nawo.

Chomwe sindikugwirizana nacho ndi chizolowezi chawo chotsegula paketi ya ufa n'kuugawa m'timapepala ta pulasitiki kuti wa ndalama zochepa agulepo masupuni angapo. Cholinga chake n'chomveka, chifukwa mlimi wa nkhuku khumi sangathe paketi yonse, koma kapepalako sikalembedwa dzina la mankhwala, mlingo wake, tsiku lothera mphamvu, ngakhale masiku oyenera kudikira nkhuku isanaphedwe kapena mazira asanagulitsidwe. Malangizo onse amaperekedwa pakamwa, ndipo amene watumidwa kukagula nthawi zambiri ndi mwana kapena wa kabaza, osati mwini khola. Zotsatira zake n'zakuti ufa wochepawo umathiridwa m'madzi ambiri, kapena umatha matenda asanathe, zomwe ndi zimene zimalimbitsa mabakiteriya aja, ndipo mazira okhala ndi zotsalira za mankhwala amakafika pamsika tsiku lomwelo. Ngakhale mapaketi athunthu ali ndi vuto lawo, popeza malangizo ake ali m'Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono. Kapepala kachidule ka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka sikangawadyere ndalama zambiri eni sitoloyi.

Kwa wofuna katemera kapena uphungu, sitoloyi ndi yoyenera kupitako. Wofuna maantibayotiki apite yekha osatuma munthu, agule paketi yosatsegula ngakhale mosonkherana ndi mnzake, ndipo apemphe wogulitsa amulembere mlingo ndi masiku odikira asanachoke pakauntala.