Mmene yuniyoni yathu inandithandizira pamene ntchito inatha

Ndakhala membala wa yuniyoni ya pafakitale ina ya ku Kanengo kwa zaka zinayi mwa zisanu ndi ziwiri zimene ndinagwira kumeneko, ndipo mwezi uliwonse pamene ndinkawona ndalama ya umembala itadulidwa pa pepala la malipiro ndinkadandaula mumtima kuti ndikudyetsa anthu ongokonda misonkhano. Maganizo amenewa anasintha pamene kampaniyo inalengeza kuti ikuchepetsa antchito, dzina langa lili pa mndandanda.

Chimene ndikuyamikira kwambiri ndi luso la nthumwi imene inabwera kuchokera ku ofesi ya yuniyoni. Abwana anali atandiwerengera ndalama ya severance (yopatsidwa munthu akachotsedwa ntchito) ya masabata awiri pa chaka chilichonse, kutanthauza masabata 14, ndipo ine ndinali wokonzeka kusaina chifukwa ndinkafuna kuti nkhaniyo ingotha. Mayi amene anatiyimira anandigwira mkono n'kunena kuti, "Bambo, dikirani kaye, cholembera sichithawa." Anatulutsa buku la lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, lakutha m'mphepete chifukwa chogwiritsidwa ntchito kwambiri, n'kuwawonetsa akuluakulu a kampani kuti masabata awiri ndi a zaka zisanu zoyambirira zokha, pamene kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi munthu amalandira masabata atatu pa chaka. Motero ine ndinayenera kulandira masabata 16, ndipo anandiwonjezera popanda mkangano. Anafufuzanso za masiku anga a tchuthi amene ndinali ndisanapume, za ovataimu ya maola opitirira 48 pa sabata, komanso ngati kampani inkaperekadi 10 peresenti yake ya penshoni pamwamba pa 5 peresenti imene ankandidula ine.

Ndinakondanso kuti sanatinamize. Anyamata ena atapsa mtima n'kufuna kuyambitsa sitalaka tsiku lomwelo, anawafotokozera mosabisa kuti sitalaka yovomerezeka imayamba ndi kukambirana kudzera ku unduna wa zantchito kenaka kupereka chidziwitso cha masiku 7, ndiponso kuti chisinthireni lamulo mu 2021 bwana ali ndi mphamvu yodula malipiro a munthu amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka. Ena anamunena kuti wagulidwa, koma ine ndikuwona kuti anatipulumutsa ku chikalata chochotsedwa ntchito chimanjamanja.

Pali zimene sizinandisangalatse. Nkhani ya penshoni, imene anaiyamba ndi changu, inazizira ndalama ya severance itangotuluka, moti ndinayenda kawiri ku ofesi yawo ndi ndalama yanga ya minibasi, ulendo wina n'kupeza chitseko chokhoma nthawi ya ntchito. Foni yawo imayankhidwa mwa apo ndi apo. Mnzanga amene anachotsedwa ntchito popanda kumva mbali yake sanauzidwe msanga kuti dandaulo lotere liyenera kukafika kwa mkulu wa zantchito wa m'boma pasanathe miyezi itatu, ndipo anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, atatsala ndi masiku ochepa.

Kwa wogwira ntchito m'fakitale amene akukayika zolowa yuniyoni, ine ndikuti alowe, koma asunge yekha kalata yolembedwera ntchito ndi mapepala onse a malipiro, chifukwa mayi uja asanakhale n'komwe pampando anayamba wafunsa zimenezo.