Madimba akale a kuno ku Cape Town andiganizitsa za kwathu ku Chigwa

Abale anga aku Chikwawa ndi Nsanje moni nonse. Ambiri mumandifunsa pa WhatsApp kuti kodi ntchito ya m'gadeni kunoko ndi yongotchetcha kapinga wa mabwana basi? Zambiri ndi zomwezo inde, koma lero ndikuuzeni za madimba awiri omwe ndimapitako ndikakhala pa ofu.

Pakati penipeni pa tauni pali Company's Garden. Analiyambitsa ma Dutch mu 1652 kuti azilimamo ndiwo zamasamba za anthu oyenda pa sitima zapamadzi, ndipo khasu ankagwira ndi akapolo, ena ochokera ku Madagascar ena kwa aneba athu ku Mozambique. Nyumba yomwe ankawatsekeramo, Slave Lodge, ili pafupi pomwepo, pano ndi miziyamu. Mbiri yowawa ndithu koma malowo sanamangepo mashopu ayi, kulowa ndi ulere, ana amathamangitsana ndi agologolo, anthu amaofesi amadyera lanchi pamthunzi, ndipo mbali ina anabwezeretsako mabedi a ndiwo ndi timifolo ta madzi ngati mmene zinalili kale kuti ana asukulu aziona ndi maso. Mtengo wina wa zipatso omwe amati ndi wa nthawi ya ma Dutch oyambawo udakalipo, anachita kuuchirikiza ndi zitsulo kuti usagwe. Kwathu bwenzi utapita kalekale kuuvuni wa makala.

Dimba lachiwiri ndi Oranjezicht City Farm, kumtunda m'munsi mwa Table Mountain, ndipo ili ndi lomwe limandigwira mtima. Kale inali famu, kenako bwalo la masewero lomwe anthu analisiya, mu 2012 anthu a m'deralo anagwirizana nkulitipula. Makoko a mbatata, zotsala za kukhitchini, aneba amabweretsa m'zigubu nkupangira kompositi. Ana amabwera ndi aphunzitsi awo kudzadzala, kugwira nyongolotsi, kenako nkukasewera pa katungwe mbali inayo pomwe padakali belu loitanira akapolo. Madzi kuno saseweretsa, chilala cha 2018 chinawaphunzitsa pamene munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku, nchifukwa chake alimi am'madimba amaphimbira nthaka ndi udzu kuti chinyontho chisathawe.

Ndiye ndimati ndikaona zimenezi mtima umandipweteka. Ife kwathu October akafika kutentha kumapyola madigiri 40, mwana akuweruka masana akupsa mapazi, mthunzi kulibe. Pomwe malo akale tili nawo ambirimbiri, masiteshoni a njanji ngati ku Bangula, mabwalo a mishoni, ku Chiromo kufupi ndi komwe anamwalirira mmishonale Bishop Mackenzie mu 1862, ndi ana angati anapitako ndi aphunzitsi? Ku Khulubvi mitengo ilipobe chifukwa anthu amalemekeza Mbona, kumeneko nkopatulika sindikunena kuti ana azikasewerako ayi, ndikungoti kusunga mitengo timakudziwa kale ife.

Sizofuna ndalama za mabungwe izi. Malo amodzi okwera pomwe madzi sanafikepo nthawi ya Freddy, okhala ndi bwemba kapena mlambe wakale, tiwatchinge mbuzi zisalowe, tiwonjezere masau ndi nimu, madzi otayika pa mjigo tiwakumbire kamfolo alowe m'mabedi a mpiru ndi therere, katungwe wa tayala lakutha, mabenchi a zigogo kuti agogo azikhala nkumauza adzukulu kuti mtengo uwu ndi mankhwala achani.

A mfumu ndi a komiti ya sukulu kwathu, chonde kambiranani nkhaniyi musankhe malo. Waya wa mpanda ndi mbewu ndigula ine ndikamabwera pa Khrisimasi, inu mungokonza mitengo ya mapolo ndi anthu othirira.